Mbedza ya Nthenga ndi Mlandu wa Atate

Amene analipo pa dziwe la pansi pa mkuyu m'mawa umenewo ndi awa: atsibweni anga, amene anali achimwene awo a amayi ndiponso mwini mbumba yathu, amayi anga, amayi aang'ono, obadwa mopondana ndi amayi, atabereka khanda lawo lodwala, atate anga, amene pamudzipo anali mkamwini, ndi ine, mtsikana wosatha msinkhu. Onsewa anatisiya, kupatula ine ndi khanda lija, limene lero ndi nkhalamba ya imvi yosadziwa kanthu za tsikulo. Ndikulemba chifukwa ndamva kuti adzukulu ena akunong'onezana kuti atate ankasunga zithumwa kudenga. Sindikufuna kudzudzula munthu, wamoyo kapena womwalira. Ndingonena zimene ndinaona.

Tinkakhala kufupi ndi Lifuwu, nkhondo ya azungu itangotha, njala yaikulu isanafike. A kwa amayi anali Asilamu, asodzi a makoka kuyambira kale. Atate anali a kumtunda, cha ku Chitala, kumene mwamuna amayesedwa ndi khasu. Analowa Chisilamu pokwatira, ankaswali ndi kusala monga aliyense, koma nyanja inawakana. Akangokwera bwato ankachita chizungulire n'kuyamba kusanza, mpaka atsibweni analeka kuwatenga. Pamudzi wa asodzi, mwamuna wosakwera bwato amakhalabe mlendo ngakhale atabereka ana. Ankalima mpunga ndi chinangwa mwakhama, koma ndiwo tinkalandira kuchokera m'bwato la atsibweni, ndipo ndikudziwa kuti zimenezi zinkawapweteka.

Asanakwatire anagwirako ntchito ku phiri la Zomba, kwa mzungu wina wokonda kuwedza m'timitsinje tozizira ta kumeneko. Iwo ankanyamula ndodo ndi dengu, koma maso awo sankagona. Kumeneko anaphunzira kuwedza popanda nyambo. Ankatenga kambedza kakang'ono, n'kukakulunga ndi ulusi, n'kumangirirapo kanthenga ka nkhanga kapena ka m'khosi mwa tambala, kuti kakagwa pamadzi kaoneke ngati ngumbi imene yathyoka phiko. Ndodo yawo inali ya nsungwi yopyapyala, yaifupi, yowongoledwa pamoto. Chingwe chinali cha bwazi, chopota okha pantchafu, chopaka phula kuti chiziyandama. Kunsonga kwake ankalumikiza ubweya wautali wa kumchira kwa ng'ombe, umene nsomba siiona.

Kuseri kwa minda ya mpunga kunali kamtsinje kamene asodzi ankakanyoza. Kanali kopapatiza, kotsekeka ndi bango, mikuyu ndi zilambe, moti malo ena dzuwa silinkafika pamadzi. Khoka silikanalowamo, ndipo woponya chingwe mozungulitsa pamutu akanangokola nthambi. Koma mvula ikagwa, sanjika zinkakwera kuchokera kunyanja n'kubisala m'maiwe ake. Atate ankapitako okha, osauza munthu, n'kubwera ndi sanjika zotungidwa pa luzi. Anthu anayamba kudabwa kuti sanawaonepo akukumba nyongolotsi. Iwo sanafotokoze. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo mkamwini sazolowera kudzitama pamudzi wa eni. Timbedza tawo ankatisunga m'kachitini ka fodya, kamene ankakasomeka m'udzu wa denga pamwamba pa chitseko, kuopa kuti ana tingadzibaye.

Chaka chimenecho khanda la amayi aang'ono linadwala. Linkatentha thupi, linkakana bere, ndipo liwombo linalowa. Popeza kunkazizira, amayi anabwereka mng'ono wawo bulangete lofiira limene atate anabwera nalo kuchokera ku Zomba, kuti azifunditsa mwanayo. Tsiku lina amayi aang'ono analowa m'nyumba mwathu kufuna singano, pakuti singano ndi mipeni tinkazisomeka kudenga. Dzanja lawo linagunda kachitini kaja. Atatsegula anaona tinthu ta nthenga, ta ubweya, tomanga ndi ulusi wofiira. Anathamangira kwawo, nayang'ana m'mphepete mwa bulangete lija, napeza pamene ulusi unasololedwa. Kulira kwawo ndinakumva ndili kuchitsime.

Amene munabadwa masiku ano musafulumire kuwaseka. Nthenga, ubweya ndi ulusi wochokera pa chofunda cha mwana wodwala, zobisidwa kudenga: aliyense wa nthawi imeneyo akanaganiza zomwezo.

Mlandu unakambidwa Lachisanu, amuna atabwera kuchokera kumzikiti, pakhonde la atsibweni. Atsibweni anali munthu wa nthabwala, koma tsiku limenelo nthabwala zawo zinali zolemera. Anatembenuza kambedza kamodzi ndi kamtengo, osafuna kukakhudza ndi chala.

"Alamu," anatero, "ine ndakalambira pa nsomba. Chambo ndikuchidziwa, kampango ndikumudziwa. Koma nsomba yoyamba kudya nkhuku ku nthenga sindinaionepo. Kapena za ku Zomba zinapita kusukulu?"

"Sizidya nthenga, alamu," atate anayankha ali chogwada. "Zimayesa ngumbi."

"Nanga ulusi wa pa chofunda cha mwana wanga?" anafunsa amayi aang'ono. "Nawonso ndi ngumbi?"

"Bulangetelo ndi langa, mlamu wanga. Ulusiwo ndinasolola kale, mwanayu asanabadwe."

"Anaona ndani?"

Panalibe amene anaona. Ngakhale amayi sanathe kuwaikira umboni, ndipo anangoyang'ana pansi. Amayi aang'ono anapempha kuti atate abwerere kwawo ku Chitala mwana asanafe. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Kwathu mkamwini akachotsedwa amapita yekha. Ana amatsala ndi mbumba. Ndikanawaona atate mwina pa maliro pokha.

Atsibweni anayang'ananso kambedza kaja. Kenaka anati: "Ngati ndi luso, munthu wina angaliphunzire. Ngati ndi mankhwala, amvera mwini wake yekha. Tichita chonchi. Mbedza zikhala zanga. Nthenga zikhala za tambala wanga, amene ndimuzinga ndekha ndi Bisimila. Ulusi ndisolola m'chisoti changa, nsungwi ndikadula ine. Inu alamu simukhudza kanthu, muziyankhula manja ali kumbuyo. Womanga ndi woponya akhala mwana uyu wabisala kuseri kwa nkhokweyu, pakuti ndi magazi athu, sanakule, ndipo za mankhwala sazidziwa. Akagwira nsomba, nkhani yatha. Akalephera, alamu, mudzatikhululukira."

"Achimwene," amayi anadandaula, "mwanayu sanagwirepo ndodo chibadwire."

"N'chifukwa chake ndasankha iyeyo, chemwali."

Anatipatsa masiku owerengeka. Tambala anazingidwa, ndipo ndinakhala pamphasa pakhonde la atsibweni, anthu akuona, ndikumanga nthenga. Ulusi unkaduka, nthenga inkapendekeka, phula linkamata pamene silikufunika. Atate anaima patali pang'ono, manja kumbuyo monga analamulidwa, akunena motsitsa mawu: "Zungulitsa mothinitsa, mwananga. Usachulutse nthenga, ngumbi si kadzidzi." Nthenga zambiri ndinaziononga. Pomaliza panatsala timbedza tiwiri tokha timene atate anavomera ndi mutu, ndipo atsibweni anatisunga m'thumba la kanzu yawo, mkanjo wautali wa Asilamu.

Kuponya ndinaphunzirira pabwalo. Atate anandiuza kuti ndiike lichero pansi pa nkhokwe, pakuti mpata wa pansi pa nkhokwe unali wofanana ndi wa pansi pa nthambi za kumtsinje. M'malo mwa mbedza ndinamanga kachidutswa ka phesi. "Kumtsinje kuja kulibe malo okwezera mkono," anatero. "Gwada bondo limodzi. Lozetsa nsonga ya ndodo pamene ukufuna kuti igwe. Gwira mbedza pokhota pake, osati kunsonga, ingakubaye. Koka mpaka pakhutu, ndodo ipindike ngati uta. Tsono usaponye. Ungotsegula zala." Kaphesi kankamenya nsichi za nkhokwe, kankagwa patsogolo pa maondo anga, kankandimenya pamphumi. Ana anzanga ankaseka. Amayi aang'ono ankadutsa ndi mwana wawo osayang'ana. Atate anabwereza chinthu china kangapo: nsomba ikatenga, ndikweze dzanja nthawi yomweyo, pakuti nthenga ilibe kukoma ndipo nsomba siisunga m'kamwa.

Chimene chinandiopsa koposa sichinali mawu a munthu. Ndinaona kuseri kwa chitseko kuti atate amanga pamodzi khasu ndi nkhwangwa yawo ndi luzi, monga amachitira munthu wa paulendo. Amayi anachapa malaya awo onse, ngakhale amene sanade.

Tsiku litafika tinanyamuka m'mawa, mame asanaume. Mvula inali itagwa dzana lake, ndipo madzi anali atayamba kuyera. Tinadutsa m'minda ya mpunga mondondozana, atsibweni patsogolo, atate pambuyo. Titayandikira mkuyu umene unaphimba dziwe, atate anaima, nkhope itagwa. Ndinaona kuti pali chimene akuopa kunena.

"Alamu, pepani," anatero pomaliza. "Tachuluka. Nsomba za muno zimamva mapazi. Ndiponso kanzu yanu ndi yoyera kwambiri, ziiona. Ngati mukufuna kuyandikira, muyenera kukwawa."

Amayi anagwira pakamwa. Mkamwini kuuza mwini mbumba kuti akwawe! Ndinaganiza kuti mlandu wathera pomwepo. Atsibweni anawayang'ana atate kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine amene ndimakokera chambo pamchenga ngati mapira, lero ndikwawire sanjika?" Anavula kanzuyo, naipachika pa bango, natulutsa timbedza tija n'kundipatsa. "Chabwino. Ndikufuna ndione ndi maso anga, wina asadzandiuze."

Anakwawa ndi mimba mpaka m'mphepete mwenimweni, nagona pakati pa mizu ya mkuyu, nkhope ili pafupi ndi madzi. Amayi ndi amayi aang'ono anakhala pansi chapatali. Atate anaima kumbuyo kwanga, manja kumbuyo. Ine ndinayandikira kuchokera kumunsi kwa dziwe, chogwada, kuti chithunzithunzi changa chisagwere pamadzi, monga anandiphunzitsira.

Pansi pa nkhokwe panali potakasuka poyerekeza ndi pamenepo. Nthambi zinatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza madzi, ndipo zilambe zinalendewera paliponse. Ndinamanga mbedza yoyamba, ndinalozetsa, ndinakoka mpaka pakhutu. Koma mantha anandikweza dzanja, ndipo nditatsegula zala nthenga inauluka m'mwamba n'kukola chilambe. Ndinakoka pang'ono. Atate anati, "Usakoke," koma ndinali nditakoka kale. Ubweya wa ng'ombe unaduka, ndipo kambedza kanatsala kakulendewera pamwamba pa dziwe pamene dzanja silikanafika. Kumbuyo ndinamva amayi aang'ono akutsonya.

Panatsala kamodzi. Pomanga mfundo zala zinali zonyowa ndi thukuta, moti ndinabwereza kangapo. Khanda linayamba kulira, kulira kofooka kwa mwana wotopa, ndipo ndinaona atate akutseka maso. "Tsitsa nsonga," ananong'ona. "Loza pansi pa muzu wokhotawo. Usafulumire, nsomba sizili paulendo."

Ndinatsegula zala. Nthenga inadutsa pansi pa nthambi n'kugwa pamadzi mopanda phokoso. Madzi anaitenga pang'onopang'ono, naidutsitsa pa muzu uja, naibweretsa kwa ine. Palibe chinachitika. Ndinaiumitsa poiuzira mpweya, ndinaponyanso. Palibe. Maondo anayamba kuwawa, udzudzu unkandiluma m'khosi, koma sindinayerekeze kudzikanda. Ndinkangoganiza za khasu ndi nkhwangwa zomangidwa kuseri kwa chitseko.

Sindikudziwa kuti kunali kuponya kwachingati. Nthenga itafika pa muzu, pansi pake panatuluka chinthu chonyezimira, cha mizere m'nthiti. Chinakwera mosafulumira, chinaima pansi pa nthengayo ngati chikuganiza, kenaka madzi anapindika ndipo nthenga inasowa. Ndinadziwa chimene ndinayenera kuchita. Dzanja silinamvere. Ndinangoyang'ana ngati mwala. Atate anafuula kuti, "Kweza!" ndipo ndinakweza, koma chingwe chinabwera chopepuka. Nthenga inali itayandama kale payokha, ndipo sanjika inali itabwerera pansi pa muzu.

Kufuula kuja kunaopsa dziwe lonse. Ndinaponyabe mpaka dzuwa linakwera, misozi ikunditchinga maso, koma panalibenso chimene chinayenda m'madzimo. Pomaliza mbedza inakola muzu pansi pa madzi, ndipo ubweya unadukanso. Ndinatsala ndi ndodo ndi chingwe chopanda kanthu.

Atate anamasula manja awo kumbuyo kuja. Sanandikhudze, poopa kuti lamulo likadalipo. Anati, "Waponya bwino, mwananga." Kenaka anatembenukira kwa atsibweni. "Alamu, ndamva. Ndinyamuka mawa kukacha."

Atsibweni anali chigonere pamizu paja, akuyang'anabe m'madzi. "Takhalani pansi, alamu, mukunditchingira maganizo." Anadzuka, mimba yonse ili matope, naitana amayi aang'ono. "Chemwali, waona chiyani?"

"Ndaona kuti sinagwidwe. Munanena nokha, achimwene, anthu akumva."

"Ndinanena, ndipo ndinanena ndisanaone. Ine ndinali apa, mphuno yanga pamadzi. Nsomba ija inabwera, inayang'ana, inatenga. Itamva kuti ndi nthenga za tambala wanga, inalavula. Ndinaiona ikulavula ngati mwana amene wapatsidwa mankhwala owawa. Tsono ndiuze. Chinthu choitanidwa ndi chithumwa chimalavula? Chikanameza mpaka m'matumbo n'kudzikokera chokha kumtunda. Iyi inangonamizidwa, ndipo itazindikira inachoka. Inabwera kwa nthenga yanga, ulusi wanga, dzanja la mwana wathu, alamu ali chiimire ngati mtengo. Alamu athuwa si mfiti. Ndi abodza, koma amanamiza nsomba zokha."

Amayi anayamba kulira mwakachetechete. Amayi aang'ono sanagonje msanga, ndipo sindiwaimba mlandu.

"Nanga mwana wanga?" anafunsa. "Nsomba yalavula, chabwino. Mwana wanga achira ndi zimenezo?"

Atsibweni anavala kanzu yawo pamatope pomwepo, nati mawa lake mwanayo apita naye kuchipatala ku Salima, ndipo shehe amuchitira duwa, pemphero la Chisilamu, asananyamuke. Atate anadzipereka kuti amunyamula njira yonse, popeza kuyenda pamtunda ndiko kunali luso lawo. Amayi aang'ono anakana. Amene anamunyamula ndi atsibweni, atate akutsatira pambuyo ndi kamba wa paulendo. Mwanayo anachira pang'onopang'ono, mvula itatsala pang'ono kutha.

Atate sanapite ku Chitala. Komabe khasu ndi nkhwangwa zija zinakhala zomangidwa kuseri kwa chitseko mpaka mwanayo atayamba kukwawa. Ankabwereka khasu la amayi popita kumunda. Ndikhulupirira kuti ankadziwa kuti khandalo likanamwalira, mawu a atsibweni sakanakwanira kuwatchinjiriza. Amene anadula luzi lija ndi amayi, tsiku lina akusesa. Kachitini sikanabwererenso kudenga. Atsibweni analamula kuti kazikhala poyera pakhonde lawo, ndipo atate akafuna kumanga nthenga ankamangira pomwepo, aliyense akuona, akupirira nthabwala za asodzi. Bulangete lofiira amayi aang'ono analibweza litachapidwa, ndipo sanjika za atate sanazidyepo mpaka imfa yawo, ngakhale ankapatsana moni mwaulemu ndipo pa maliro a atate analira monga mlamu.

Atatewo ndi amene pambuyo pake anaumirira kuti ndipite kusukulu mpaka sekondale, pamene ambiri ankati mtsikana wa kunyanja safunika zimenezo. Anaikidwa ku Lifuwu, pakati pa abale a akazi awo. Mpaka lero, ndikakumbuka kuti atsibweni akanatha kukana kukwawa, n'kuima chapatali ndi kanzu yawo yoyera osaona nsomba ija ikulavula, mantha a m'mawa uja amandibwerera.

Inu ana a mbumba yathu, a kwa amayi ndi a kwa amayi aang'ono chimodzimodzi, ndikukupemphani kuti pepalali musalitaye ndiponso musalisinthe. Likhale kwa wamkulu wa mbumba, ndipo wina akadzatchulanso zithumwa za kudenga, mudzamuwerengere lonse, osadumpha mbali ya amayi aang'ono.